Bokosi silikwera lokha: kusanthula chilengezo cha maliro ku Nangongwe

Usiku womaliza maliro asanaikidwe, kwaya ikapumira ndipo moto wa abambo panja ukayamba kugwa makala, pamaimirira munthu mmodzi atagwira pepala long'ambidwa m'kope la ana asukulu. Nthawi zina ndi wapampando wa komiti ya maliro, nthawi zina mkulu wa mpingo, nthawi zina malume ake a malemu. Amapepesa kaye kwa anamfedwa, n'kupereka ulemu kwa abusa ndi akuluakulu, kenako n'kuyamba kuwerenga. Zimene amawerengazo zilibe mlembi wodziwika ndipo palibe anazisindikiza, koma munthu amene wagona pa maliro angapo ku Nangongwe, ku Shikoswe kapena ku Zambia Compound m'tauni ya Kafue angathe kuzimaliza pamtima. Maola amasintha, chiwerengero cha magalimoto chimasintha, koma msana wake ndi womwewo. Ndazilemba pano monga zimamvekera kawirikawiri:

Mawa tonse tikhale titafika pano 07:00.
Adzukulu alawirire kumanda, apita wapansi.
Achibale ochepa atsogole ku mochale kukatenga thupi.
Bokosi likwera galimoto yaing'ono imene tathandizidwa.
Amayi anayi akhale ndi bokosi.
Canter yoyamba ndi ya amayi a mpingo ndi kwaya, yachiwiri ya okalamba ndi ochokera kutali.
Anyamata, tisalimbirane malo.
Ndalama ya mafuta sinakwane, mbale izungulira.
Pobwera tonse tidzere pano.

M'mizereyi mulibe dzina la Mulungu, mulibe mbiri ya malemu, mulibe mawu otonthoza. Zimenezo zili ndi nthawi yake kutchalitchi ndi kumanda. Kupatula mzere woyamba, yonse ikuyankha funso limodzi: ndani ayenda bwanji. Munthu wofuna kudziwa mbiri ya galimoto yonyamula maliro kuno kwathu angayambire pa zithunzi za magalimoto akuda onyezimira a makampani a maliro ku Lusaka. Ine ndimaona kuti mbiri yeniyeni ili m'kapepala aka, m'mawu amene wolengeza amasankha ndiponso m'mawu amene amawalambalala.

Mzere wachiwiri supempha. "Apita wapansi" ndi kungonena zimene aliyense akudziwa kale. Adzukulu ndiwo anali galimoto yathu yoyamba. Kumudzi mtembo unkakulungidwa m'mphasa, n'kuikidwa pa chithatha cha mitengo iwiri yopingasa timitengo, ndipo amuna ankasenza pa phewa kuchokera pa khomo mpaka kumasano, akusinthana popanda kuima. Asilamu amachitabe zimenezi ndi jeneza, ndipo woonerera amaona mmene aliyense amalowera pansi pake masitepe ochepa n'kupatsa mnzake. M'matauni a Zambia ntchito zolemetsa za pa maliro zambiri zimagwera achimbuya: wa kum'mawa akamwalira Abemba amathamanga, Mtonga akamwalira Alozi amaoneka. Galimoto itabwera inalanda adzukulu ntchito yosenza n'kuwasiyira khasu ndi fosholo. Koma chilengezo chimawatchulabe poyamba, galimoto iliyonse isanatchulidwe, ndipo sawerengedwa pa mafuta.

Ulendo wautali kwambiri wa maliro osenza pa phewa umene unalembedwa m'chigawo chino unayambira m'dziko lomwe lino. David Livingstone anamwalira m'mudzi wa Chitambo kumayambiriro kwa Meyi 1873. Anthu amene ankayenda naye, motsogozedwa ndi Susi ndi Chuma, anakwirira mtima wake patsinde pa mtengo, anaumika thupi padzuwa, analikulunga m'nsalu ndi m'khungwa la mtengo, n'kulimangirira ku mtanda woti amuna asenze. Anayenda nalo miyezi 9, mtunda woposa makilomita 1,500, mpaka ku Bagamoyo m'mphepete mwa nyanja yamchere, kumene anafika mu Febuluwale 1874. Chuma anali Myao amene anaomboledwa ku ukapolo ali mwana m'mapiri a kum'mwera kwa Malawi mu 1861. Mabuku a kunja amakonda kudabwa ndi kukhulupirika kwa anthu amenewa. Ife sitidabwa kwenikweni, chifukwa lamulo limene ankatsata timalidziwa: munthu amene mumayenda naye akafera m'njira, mumamufikitsa kwawo.

Mzere wachitatu ukuti "thupi," wachinayi ukuti "bokosi." Kusinthaku kukuchitika pakati pa mizere iwiri yoyandikana, ndipo pakatipo pali ntchito yonse imene wolengeza sainena poyera: chikalata cha dokotala, kupita kupolisi ngati munthuyo anamwalirira kunyumba, chilolezo cha khonsolo choikira maliro, kusambitsa, kuveka, kutseka. Liwu lakuti "ochepa" nalonso likunena zambiri. Ochepa chifukwa galimoto ndi yaing'ono, ochepanso chifukwa ku mochale kumakhala mabanja ena pa mzere. Kale maliro ankagona m'nyumba mwawo, amayi atawazungulira. Lero anthu amalira masiku atatu ku Nangongwe mwini maliro ali m'firiji kuchipatala, kapena ku chipatala cha UTH ku Lusaka, makilomita pafupifupi 45 kuchokera pano, ngati anatumizidwa kumeneko asanamwalire. Choncho chimene chinabweretsa kufunika kwa galimoto si kutalika kwa manda kokha. Ndi mochale. Itangolowa pakati pa munthu ndi nyumba yake, ulendo umodzi wa phewa unasanduka maulendo awiri kapena atatu a mafuta: kuchokera ku mochale kupita kutchalitchi, nthawi zina kudzera kunyumba kuti malemu atsanzike pa khomo pawo, kenako kumanda.

Tifike pa mzere wachinayi, umene ndikufuna kukhalitsapo. "Bokosi likwera." Wolengeza sanena kuti lipakiridwa kapena liikidwa, monga tinenera za matumba a ufa ndi nkhuni zimene galimoto yomweyo inabweretsa dzulo. Likwera, monga akwerera amayi a mpingo ndi okalamba m'mizere yotsatira. Kwa wolengezayo malemu akadali mmodzi wa apaulendo, woyamba pa mndandanda.

"Galimoto yaing'ono" nthawi zambiri imakhala Hilux yapambuyo poyera, kapena minibasi imene achotsamo mipando iwiri ya kumbuyo. Si galimoto yopangidwira maliro. Madzulo a tsiku lomwelo idzakhala itanyamula simenti, makala kapena nsomba za mu mtsinje wa Kafue. Apa mpamene njira yathu ikusiyana ndi ya ku Ulaya ndi ku America. Kumeneko, kwa zaka mazana angapo, olemera ankaperekezedwa pa ngolo zakuda zokokedwa ndi akavalo ovekedwa nthenga kumutu, ndipo m'zaka za m'ma 1800 ngolozo zinaikidwa magalasi m'mbali kuti anthu aone bokosi koma asalikhudze. Mu 1909 kampani ya Crane & Breed ya ku Cincinnati inayamba kugulitsa galimoto ya injini yopangidwira maliro okhaokha, ndipo m'zaka makumi awiri zotsatira akavalo anatha m'mizinda yambiri. Mbiri yonseyo imalowera mbali imodzi: kupatula wakufa, kumupatsa galimoto yakeyake imene wamoyo sakweramo, yoyendetsedwa ndi munthu wolipidwa amene sanamudziwe. Galimoto zotere zilipo ku Zambia, ndipo amene angathe amachita hayala kuchokera ku makampani a maliro. Sindikuwadzudzula, maliro ndi olemetsa, ndipo amene wapeza njira yopepukira aipeze. Koma chilengezo cha ku Nangongwe sichinalembedwe poganizira galimoto yotere.

Ndiye pali liwu lomaliza la mzerewu: "tathandizidwa." Tathandizidwa ndi yani? Wolengeza sanena. Pali ulemu m'menemo, chifukwa wopereka pa maliro safunika kuombera m'manja, ndipo banja silifunika kuchititsidwa manyazi pagulu kuti linalephera lokha. Koma akuluakulu a m'tauni muno amakumbukira nthawi imene mzerewu unali ndi dzina. Kafue inakula ndi mafakitale kumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Fakitale ya feteleza ya Nitrogen Chemicals of Zambia inayamba ntchito mu 1970, ndipo pambali pake panali Kafue Textiles of Zambia yoomba nsalu. Masiku amenewo, monganso ku migodi ya ZCCM ku Copperbelt, wantchito wa kampani yaikulu akaferedwa ankayembekezera bokosi ndi lole kuchokera kuntchito. Loleyo inali ndi dzina la kampani pa chitseko, ndipo inkanyamula aliyense, wantchito ndi wosagwira ntchito yemwe. Anthu ogulitsa pamsika ndi asodzi ankakwera nawo pa mwayi wa mnansi wawo wa ku fakitale.

Kenako zinthu ziwiri zinagwa nthawi imodzi. M'zaka za m'ma 1990 boma linayamba kugulitsa makampani ake ndipo anthu ambiri anachotsedwa ntchito. Fakitale ya nsalu inafooka mpaka kutsekedwa m'zaka zoyambirira za m'ma 2000, ya feteleza n'kutsala ikupumira m'mwamba. M'zaka zomwezo Edzi inali ikutenga anthu a msinkhu wogwira ntchito, moti panalibe sabata yopanda maliro m'komboni. Maliro anachuluka pamene malole anachepa. Dzina la kampani linachoka m'chilengezo, ndipo m'malo mwake munatsala liwu lopanda mwini. Lero wothandizayo angakhale mpingo, mwini hadiweya, mnzake wa mwana wa malemu, khansala, kapena munthu amene akufuna kudzaima pa chisankho. Womalizayu ndiye amakonda kuti dzina lake litchulidwe, ndipo chaka cha chisankho mzerewu umatalika. Ine ndimakonda wolengeza amene amausiya waufupi. Komabe sindibisa kuti liwu lopanda mwini limabisanso ngongole: banja lokha ndilo limadziwa kuti lagwada pa khomo la yani usiku watha, ndi kuti lidzabweza bwanji.

Boma linayesapo kudzaza malo amene makampani anasiya. Mu 2009, nthawi ya Pulezidenti Rupiah Banda, unduna wa maboma aang'ono unalandira magalimoto 100 onyamula maliro ochokera ku China kuti agawidwe ku makhonsolo m'dziko lonse. Cholinga chimene chinanenedwa chinali chakuti osauka asamavutike kupeza choperekezera abale awo. Nkhaniyi inabutsa mkangano waukulu. Mtengo umene unatchulidwa, madola 29,000 galimoto imodzi, ambiri anati ndi wokwera mopitirira, ndipo Benny Tetamashimba, amene anali nduna panthawiyo, ndi Sylvia Masebo, amene anali pampandowo poyamba, analozana zala m'manyuzipepala. Ena ankafunsa chifukwa chimene boma likugulira magalimoto a akufa pamene zipatala zilibe maambulansi a amoyo.

Funso la ambulansi linali lomveka, koma ndikaika nkhaniyi pambali pa chilengezo chathu ndimaona vuto lina limene silinakambidwe mokwanira. Magalimoto 100 aja anayankha mzere umodzi pa mizere 9. Kupeza chonyamulira bokosi kuchokera ku mochale n'kovuta ndithu, koma ndiye kosavuta kwambiri pa zonse, chifukwa mwini Hilux sakana kawirikawiri. Cholemetsa chenicheni chili m'mizere yotsatira, m'khamu la anthu amene ayenera kufika kumanda pamodzi ndi bokosilo. Amene anagula magalimoto aja anaona maliro ndi maso a kwina, kumene wakufa ndiye wapaulendo yekha.

"Amayi anayi akhale ndi bokosi." Ndikanafunsidwa kuti ndisunge mzere umodzi, ndikanasunga uwu. Sukunena kuti alondere, sukunenanso kuti agwirizize, ngakhale amachita zonsezo. Akhale nalo, monga munthu akhalira ndi wodwala. Mukaima pamsewu mudzawaona: akhala pa zitenje zoyala pa chitsulo cha galimoto, miyendo yopinda m'kampata kochepa pakati pa bokosi ndi khoma, mipango kumutu. Galimoto ikafika pa chitunda kapena pa dzenje, dzanja la mmodzi limapita pa chivindikiro mosaganizira, n'kukhala pomwepo mpaka msewu utasalala. Wina wafungatira nkhata za maluwa kuti mphepo isaziulutse. Dzuwa likuwaotcha, fumbi likuwalowa m'maso, ndipo palibe amene amapempha kukakhala kutsogolo. Amayi amenewa akuchita pamsewu zimene agogo awo ankachita m'nyumba usiku wonse mochale isanabwere. Malo okhala ndi maliro anachotsedwa m'nyumba, iwo anawapeza kumbuyo kwa galimoto.

N'chifukwa chake ngakhale banja litachita hayala galimoto yamagalasi, mumamva wina akufunsa woyendetsa ngati mungalowe munthu mmodzi kapena awiri. Kusiya malemu ndi mlendo yekha kumawawa. Maganizo omwewa ndiwo ali pansi pa zimene anthu amanena galimoto ya maliro ikazima panjira popanda chifukwa chooneka: akukana, pali chimene sichinawakomere. Makaniko akamayang'ana injini, wamkulu wa banja amayandikira bokosi n'kulankhula chapansipansi, kuwatchula malemu ndi mfunda wawo, kuwauza kumene akupita ndi kuwapempha kuti alole. Wina angakhulupirire, wina ayi, koma zikusonyeza kuti m'maganizo athu m'bokosimo muli munthu amene amauzidwa za ulendo.

Msewu waukulu wodutsa m'tauni ya Kafue umaonetsa mbali ina ya nkhani yomweyi. Uwu ndi msewu wochokera ku Chirundu ndi ku Livingstone kupita ku Lusaka, ndipo abale athu amene amwalirira ku South Africa ambiri amabwerera kwawo kudzera pa mlatho wa Kafue, bokosi lili m'kangolo kotsekedwa kokokedwa ndi galimoto. Amalawi a ku Johannesburg amachita chimodzimodzi kudzera ku Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete mpaka ku Mwanza kapena ku Dedza, ndalama zake zitasonkhedwa ndi magulu othandizana pa maliro. M'kangolomo simungakhale munthu. Komabe m'galimoto yokokayo mumakhala wachibale kapena mnzake wa kumudzi amene wasiya ntchito masiku angapo kuti akapereke maliro m'manja mwa eni ake. Mtunda wasintha, chonyamulira chasintha, koma ntchito ya Susi ndi Chuma ikugwiridwabe.

Ngakhale maliro a boma amagonjera lamulo lomweli. Pulezidenti Levy Mwanawasa atamwalira ku Paris pa 19 Ogasiti 2008, thupi lake linatengedwa pa ndege kuzungulira malikulu a zigawo lisanaikidwe ku Embassy Park pa 3 Seputembala. Pulezidenti wakale Kenneth Kaunda atamwalira pa 17 Juni 2021, nalonso thupi lake linayendera zigawo. Anthu sakanatha kukwera onse kupita ku Lusaka, choncho maliro anawatsata.

Mzere wachisanu ndi chimodzi ukugawa anthu. Kugawa anthu pa ulendo wa kumanda si kwachilendo. Ku London, kuyambira 1854 mpaka 1941, kunali sitima yapamtunda yonyamula maliro ndi olira kuchokera ku Waterloo kupita ku manda a Brookwood, mtunda wocheperako pang'ono poyerekeza ndi wa Kafue ndi Lusaka. Matikiti ake anali a kalasi yoyamba, yachiwiri ndi yachitatu, kwa amoyo ndi kwa mabokosi omwe. Muyeso unali ndalama. Wolengeza wa ku Nangongwe akugwiritsa miyeso ina: ntchito ndi miyendo. Amayi a mpingo ndi kwaya akwera poyamba chifukwa ndiwo akhala akuphika, kutunga madzi ndi kuimba usiku wonse, ndiponso chifukwa nyimbo yawo ndiyo imauza msewu kuti apa pakudutsa maliro. Galimoto imene sinapangidwire maliro imafunika chizindikiro. Ku Malawi amasomeka masamba aawisi kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo wapanjinga amatsika, wachipewa n'kuvula. Ku Zimbabwe amamanga kansalu kofiira. Kuno timayatsa nyali masana, wina n'kuimika mtanda, ndipo pamwamba pa zonse pali mawu a amayi ali chiimirire m'Canter, atagwirana m'mapewa pokhota. Okalamba ndi ochokera kutali akwera yachiwiri, awa chifukwa miyendo yatha, awo chifukwa njira sakuidziwa ndipo ndi alendo athu.

Pali gulu limodzi limene chilengezo sichilitchula: amene abwera ndi magalimoto awoawo. Wolengeza alibe ulamuliro pa iwo, ndiye amangokhala chete. Ambiri a iwo amatsegula zitseko n'kudzaza agogo mpaka malo atatha. Koma tonse taonapo galimoto yabwino ikutsata bokosi ili ndi anthu awiri, mawindo otseka, pamene m'Canter ya kumbuyo mayi wa zaka 70 wakhala pa mwendo wa mnzake. Kalasi yoyamba ya sitima ya ku London yalowa mwakachetechete pa malo amene pepala lasiya osalemba. Ndikanakonda olengeza athu atalimba mtima n'kuwonjezerapo mzere umodzi, wopempha mwaulemu kuti mpando uliwonse wopanda munthu uonekere.

Tisaiwalenso kuti Canter si basi. Inapangidwira mchenga ndi njerwa. Anthu makumi angapo ataimirira kumbuyo kwake, pamsewu umene ukudutsa malole akuluakulu a ku Chirundu, ali pa ngozi yeniyeni, ndipo nkhani za olira amene avulala kapena kufa popita kapena pochokera kumanda si zachilendo m'dziko muno. Apolisi a pamsewu amadziwa kuti galimotoyo yadzaza mopitirira, koma ndani angaimitse maliro? Chikondi chathu chikuyenda pa chonyamulira chosayenera, ndipo tachizolowera.

"Anyamata, tisalimbirane malo." Wolengeza akudzudzula koma wadziika m'gulu la odzudzulidwa, pakuti akuti "ti-" osati "mu-". Pa maliro sipochititsa munthu manyazi. Tanthauzo lake onse alimva: amene ali ndi mphamvu ayende.

Kenako mbale. Mwini galimoto amabwereketsa galimoto, nthawi zina ndi dalaivala yemwe, koma mafuta ndi a eni maliro, ndipo Canter ya hayala imalipiridwa isananyamuke. Mu 2022 bungwe la Energy Regulation Board linayamba kuunika mitengo ya mafuta mwezi ndi mwezi, moti komiti ya maliro sinkathanso kudalira zimene inawononga pa maliro a mwezi wapitawo. "Sinakwane" ndi liwu loona pafupifupi pa maliro alionse. Wolengeza sanena kuti yaperewera zingati, sanenanso kuti aliyense apereke zingati. Mbale yapulasitiki, yomwe ija munali ndiwo madzulo, imayenda kuchokera pa moto wa abambo kulowa m'nyumba mwa amayi, ikulandira ma K10 opindapinda otuluka pa mfundo ya chitenje, ndipo masiku ano wina amafuula nambala ya foni kuti ena atumize. Mmene amuna ankalowera pansi pa chithatha masitepe ochepa aliyense, ndi mmenenso mbale imagawira ulendo: uyu walipira kuchokera pa geti mpaka pa msika, uyo kuchokera pa msika mpaka pa njanji. Akuluakulu anati maliro n'kulirana, ndipo amene amabisa dzanja mbale ikadutsa amadziwa kuti anthu aona.

Ena amati zonsezi n'kuwononga, ndi kuti banja losauka lisamalowe m'ngongole chifukwa chonyamula komboni yonse kupita kumanda. Mfundoyi ili ndi mutu. Nthawi ya Covid-19 boma litachepetsa chiwerengero cha anthu pa maliro, mabanja ena anapuma pa ndalama. Koma funsani amayi amene anaika amuna awo masiku amenewo, anthu ochepa ataima motalikirana. Ndalama zinapulumuka, koma ambiri mpaka lero amanena kuti sanalire bwino. Chofunika kuchepetsa ndi mtengo wa ulendo, osati anthu operekeza.

Mzere womaliza ndi waufupi koma ndiwo umasiyanitsa kotheratu galimoto yathu ndi ya magalasi ija. Ija ntchito yake imatha bokosi likatsitsidwa. Imatembenuka yopanda kanthu n'kupita kukatenga maliro ena. Yathu iyenera kudikira mpaka nkhata yomaliza itaikidwa, chifukwa amene inawatenga iyenera kuwabweza. "Tidzere pano" akutanthauza beseni la madzi pa geti losambamo m'manja, nsima imene amayi otsala aphika, ndi kukhala pansi pang'ono ndi anamfedwa kuti asalowe okha m'nyumba imene mwachoka munthu. Apanso mpamene mavuto amaonekera. Dalaivala wa hayala amayang'ana wotchi, ulaliki wa kumanda ukatalika amayamba kuliza injini, ndipo zimachitika kuti okalamba amene anakwezedwa mwaulemu m'mawa amabwerera wapansi dzuwa lili paliwombo chifukwa mafuta analipiridwa a ulendo umodzi.

Kuyambira 2022 ndalama za chitukuko cha m'madera a aphungu, za CDF, zinakwezedwa kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse, ndipo zakweranso m'zaka zotsatira. Anthu a m'mawodi ndiwo amayenera kunena zimene akufuna kudzera m'makomiti awo a chitukuko. Pempho langa kwa anthu a ku Nangongwe ndi madera oyandikana nawo, kwa makhansala ndi kwa Kafue Town Council, ndi lakuti nkhani ya ulendo wa kumanda ikadzafika pa tebulo, asayambire pa kabuku ka wogulitsa magalimoto monga zinachitikira mu 2009. Ayambe aitana amene amawerenga chilengezochi usiku, ndi amayi amene amakhala ndi bokosi, awafunse. Chimene chikufunika ndi galimoto yokhala ndi denga, mabenchi omangirira bwino ndi pogwira, malo a bokosi pakati pomwe anthu angakhale nalo, dalaivala wodziwika, ndalama yokonzera ikawonongeka, ndi mtengo wa ulendo wopita ndi kubwera wolembedwa pa khoma la ofesi kuti wamasiye aliyense auwerenge yekha.